Galu wa a Kopolo Aphunzira Ulonda

Ntchito ya ulonda imene Lenard Kamphinda anadzaigwira zaka zambiri pa shedi ya nsomba zouma ku Chipoka inatsala pang'ono kumupulumuka m'mawa wina wa chaka cha 1947. Mwenye mwini shediyo anali atanena kuti akufuna mlonda wokhala ndi galu wosatengeka ndi fungo la nsomba kapena ndi agalu anzake, ndi kuti galuyo adzamuona yekha sitima ya masana ikalira; ndiye Lenard, amene anabwerako ku nkhondo ya ku Bama ndi mizere iwiri ya ukopolo ndi mawu ogontha nawo m'khutu, anatsikira kumchenga ndi galu wake wofiira, naitana Sidiki, msodzi wachisilamu amene anakwatira mlongo wake Janet, kuti adzamuthandize phunziro lomaliza.

"Mwabwera nazo zonse zimene ndinakuuzani dzulo, alamu?" anafunsa Lenard, uku akumangirira chingwe cha galu pa lamba wa kabudula wake wa khaki.

"Zonse," anatero Sidiki. Anatula dengu la usipa patali ndithu ndi galuyo, nakokera nsalu yake m'mwamba kuti isamukhudze. "Mwadzuka bwanji, a Sajeni?"

"Musamupatse ulemu. Ndi galu."

"Ndinu munawatcha Sajeni."

"Ndinamutcha dala. Zaka zinayi sajeni wina ankandikalipira ngati kamwana. Lero ndikati, 'Sajeni, khala pansi,' iye n'kukhaladi, mtima wanga umazizira."

"Ndiye pakati pa inu ndi iwo wamkulu ndani?"

"Ine!"

"Koma munandiuza nokha kuti kopolo ali pansi pa sajeni."

"Kunkhondo kumeneko. Kuno ndi ku Chipoka."

"Oho," anatero Sidiki, akugwedeza mutu ngati munthu amene waphunzira chinthu chachikulu. "Kuno maudindo amayenda chozondoka."

Lenard sanafune kutaya nthawi. Anaima chiriri, manja kumbuyo, monga ankaimira pamaso pa asilikali atsopano.

"Tamverani. Galu uyu mano ali nawo, mawu ali nawo. Vuto lake ndi mphuno. Mphuno ikangomva kanthu, makutu amatseka. Lero aphunzire chinthu chimodzi basi. Kaya kudutse nsomba, kaya kudutse galu mnzake, ine ndikati 'Maso!' iye maso ake akhale pankhope panga."

Sidiki anayang'ana nkhope ya Lenard kwa nthawi ndithu. Kenako anayang'ana galu.

"Analakwa chiyani?"

"Si chilango!"

"Pepani. Ndimayesa anaba."

"Inu ntchito yanu ndi kumuyesa. Mukhala ngati Satana."

"Sitafurulahi!" Sidiki anatola dengu lake. "Tsalani bwino, alamu."

"Mukupita kuti?"

"Ndangochokera ku swala. Sindingachoke pamkeka wa Mulungu n'kudzalembedwa ntchito ya Shetani."

"Ndati ngati!"

"Ngati Shetani ndi Shetani ndi pachibale."

Lenard anatseka maso, napumira m'mwamba. Anakumbukira kuti mlongo wake anamuchenjeza kuti munthu uyu ndi wabwino mtima, koma mawu ukamupatsa amameza ndi minga yomwe.

"Chabwino. Simuli Satana. Ndinu munthu wamba wosenza usipa."

"Ameneyo ndine kale."

"Ndiye khalani yemweyo!"

"Nanga mwandiitanira chiyani? Ndikanatha kukhala yemweyo kunyumba."

"A Sidiki, senzani dengulo. Galu timayamba kumuphunzitsa fungo lili patali, kenako timasendeza pang'onopang'ono. Pitani kutali."

Sidiki anasenza dengu nauyamba. Lenard anagwada pamchenga, napisa m'thumba mmene anasungamo tizidutswa ta chiwindi cha mbuzi chowamba.

"Sajeni, maso!"

Galu anamuyang'ana. Analandira kachiwindi.

"Maso!"

Anamuyang'ananso. Mtima wa Lenard unati myaa. Kasanu konse galu anachita bwino, osatembenuka n'komwe. Podzutsa mutu kuti amuuze Sidiki asendere, Lenard anaona kuti pamchenga palibe munthu. Kutali uko, kupitirira mabwato onse, kunali kadontho kakuda kosenza kadengu, kakuyenda mosatekeseka.

"A Sidiki! Iiii! A Sidikiii!"

Mwera unabweza mawuwo m'kamwa mwake. Anathamanga, galu akudumpha pambali pake, mpaka anamupeza pafupi ndi bango.

"Mumapita kuti?" anafunsa ali wefuwefu.

"Kutali."

"Mpaka kuti?"

"Simunanene. Ndimati ndikafika ku Lifuwu ndikafunse ngati pakwana."

"Mapazi khumi! Khumi okha!"

"Anga kapena anu? Anu ndi aatali."

"Anu!"

"Mukanatero poyamba."

Anabwerera pafupi ndi thandala la Janet, pamene usipa wa dzulo unali kuuma padzuwa. Sidiki anawerenga mapazi khumi mokweza, naima.

"Tsopano muziyenda uku ndi uku," anatero Lenard. "Lamulo ndi ili: woyang'ana ine amalandira chiwindi. Maso!"

Galu anayang'ana dengu. Sidiki anayang'ana Lenard, natambasula dzanja.

"Chiyani?" anafunsa Lenard.

"Ndayang'ana ndine. Koma tayambani mwandiuza, mbuziyo anachinja ndani?"

"Chiwindichi ndi cha galu!"

"Cha galu? Munapha galu wa yani?"

"Ndi cha mbuzi, koma wodya ndi galu! Yendani!"

Sidiki anayamba kuyenda, dengu lili pamutu. Fungo la usipa linafika ngati mlendo wodziwa njira. Mphuno ya Sajeni inayamba kunjenjemera. Lenard anakweza kachiwindi pafupi ndi chibwano chake.

"Maso, Sajeni. Maso!"

Galu anayesetsa ndithu. Anatembenuzira maso kwa mbuye wake mpaka kuyera kwa m'maso kunaoneka, koma mutu wonse unatsalira ku dengu.

"Mwaona?" anatero Lenard monyadira. "Wandiyang'ana!"

"Maso ali kwa inu," anatero Sidiki, "koma mphuno ili kwa ine. Tiwawerengera theka?"

"Mukumusokoneza ndinu. Mukumuyang'anitsitsa. Musamulabadire. Chitani ngati pano palibe galu."

"Palibe galu?"

"Palibe."

"Alihamudulila," anatero Sidiki. Anamasula nsalu imene anaikokera m'mwamba ija, nayenda mwaufulu mpaka pamapazi pa Lenard, natula dengu pamchenga, nayamba kudziwongola msana.

Mutu wa Sajeni unalowa m'dengumo mpaka m'mapewa.

"Iwe! Tuluka! Sajeni! Alamu, mwatuliranji pansi?"

"Pamene palibe galu ndimatula pansi. Khosi ndi langa."

"Nanga uyu ndani?"

"Ndimafuna ndikufunseni inu. Usipa ukutha wokha."

Lenard anamukoka galu ndi miyendo yakumbuyo. Sajeni anatuluka masharubu ali mbuu, akutafuna mofulumira ngati wodziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri. Sidiki anasuzumira m'dengu.

"Wonse uwu tsopano ndi najisi, wadetsedwa. Kwa mlongo wanu mukalankhula ndinu. Ine ndikangonena zimene ndinamva, kuti kunalibe galu."

Lenard anakhala pansi. Dzuwa linali litakwera. Zaka ziwiri zinali zitatha chibwerere kunkhondo. Mendulo zake zinali m'kachitini ka fodya, ndipo munda wa thonje amene ankaudziwa bwino anali mkazi wake Eveles, chifukwa iye khasu linkamutopetsa msanga kuposa mfuti. Eveles sankadandaula. Ankangomuyang'ana iye ndi galu wake akamachita perete pabwalo, n'kutola khasu. Kuyang'ana kumeneko n'kumene kunkamuwawa.

"A Sidiki," anatero motsitsa, "ntchito iyi ndikaiphonya, sindidziwa kuti kunyumba ndikalowera khomo liti."

"Nyumba yanu ili ndi khomo limodzi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye musadandaule. Simusokera."

Ananena mokoma mtima kwambiri moti Lenard analephera kukwiya. Anadzuka, nasasa mchenga pakabudula.

"Za nsomba tasiya. Wakhuta, sazifunanso. Tsopano za agalu anzake. Poti inu galu simugwira, muuwa ndinu. Bisalani kuseri kwa thandalalo, muuwe."

"Ndinene chiyani?"

"Simunena kanthu. Mungouwa."

"Iyayi, alamu. Chinenero cha eni ake sitilankhula chisawawa. Bwanji nditawatukwanira mayi awo osadziwa?"

"Galu satukwanidwa!"

"Nanga akamauwana usana wonse amakhala akupatsana moni?"

"Uwani!"

Sidiki anapita kuseri kwa thandala. Anakonza kofia yake, natsokomola pang'ono.

"Hu," anatero mwaulemu.

Sajeni anayasamula.

"Mwamphamvu!"

"Hu. Hu, a Sajeni."

Galu anagona pansi, naika mutu pamiyendo.

"Ndikuona ngati ndanena kuti agone bwino," anatero Sidiki.

Lenard anagwira mutu ndi manja awiri. "Ichi n'chifukwa chake ndinakupemphani dzulo kuti mubwereke galu weniweni. Mukanangobwera naye!"

"Ndabwera naye."

"Mwati?"

"Ali kuseri kwa bwato lovundikira lija, kumunsi kwa mphepo."

"Nthawi yonseyi? Osanena bwanji?"

"Munafunsa ngati ndabwera nazo zonse. Ndinati zonse."

"Nanga mumauwiranji?"

"Munandiuza."

Lenard analuma mlomo. "Mwamugwira bwanji, poti kwanu ndi haramu?"

"Sindinamugwire. Mai Eliza, ofulula mowa aja, anamumangirira kunsonga kwa nsungwi yaitali. Ine ndagwira nsungwi, nsungwi yagwira chingwe, chingwe ndicho chagwira galu. Tchimo likamadzafika kwa ine likhala litatopa."

"Wa mai Eliza? Si wamkazi ameneyo?"

"Munati ndipeze galu woti a Sajeni angakopeke naye kwambiri. Nditawauza mai Eliza anaseka mpaka kukhala pansi. Anati sabata ino palibe galu wamphongo ku Chipoka kuno amene sangakopeke naye."

Lenard anamvetsa bwino lomwe kuti galuyo ali pa nyengo yake yofuna amuna. Munthu wanzeru akanati abwezedwe kwawo nthawi yomweyo. Koma Sidiki anali kumuyang'ana, ndipo Lenard anali asanabwererepo m'mbuyo pamaso pa mlamu wake.

"Zili bwino," anatero, akukoka lamba kuti athine. "Ndi zimene ndimafuna. Msilikali sayesedwa ndi gulugufe."

"Ku Bama kulibe agulugufe?"

"Katengeni galuyo! Koma mverani bwino. Mukabwera naye muime apo, pa mapazi khumi, ndipo musasunthe. Zivute zitani. Ngakhale ndikuwe, ngakhale ndikupempheni, musasunthe, kufikira nditanena kuti 'phunziro latha.' Mwamva?"

"Phunziro latha."

"Eya."

"Zikomo," anatero Sidiki, natola dengu. "Linali lalifupi."

"Silinathe! Ndimakuuzani mawu ake! Ndikanena ine, osati inu!"

"Oho. Inu."

Sidiki anapita kuseri kwa bwato. Anatulukako atagwira nsungwi ndi manja awiri ngati akupalasa pamadzi osaya. Kunsonga kwake kunali kagalu kakuda, kowonda, koyera pachifuwa, kakuyenda monyang'wa. Pambuyo pake panatuluka galu wamphongo wa khutu limodzi. Kenako wina wamawanga. Kenako awiri ofanana ngati mapasa. Kenako chigalu chachikulu chotuwa cha kapitawo wa njanji. Lenard anawerenga mpaka asanu ndi anayi, nasiya.

"A Sidiki! Ndinati galu mmodzi!"

"Ndabwera ndi mmodzi. Enawa abwera okha."

"Athamangitseni!"

"Ndafika kale pa mapazi khumi. Sindisuntha."

Sajeni anali ataimirira. Tulo tonse tinathawa. Mchira unawongoka ngati ndodo, mphuno ikugwira ntchito ngati mvukuto. Lenard anatulutsa chiwindi chonse chimene chinatsala m'thumba.

"Sajeni, maso. Maso, mwana wanga. Taona chiwindi. Maso!"

Galu anatembenuka kamodzi, namuyang'ana mbuye wake mwachisoni, monga munthu amayang'anira mnzake potsazika ulendo wautali.

"Wakuyang'anani," anatero Sidiki. "Apatseni."

Chingwe chinati gwa! Lenard anaona thambo, kenako mchenga. Sajeni sanali galu wamkulu kwenikweni, koma tsiku limenelo anakoka ngati ng'ombe ya pangolo. Kagalu kakuda kaja kanayamba kuzungulira kunsonga kwa nsungwi, agalu onse pambuyo pake, Sajeni pambuyo pawo, ndipo pambuyo pa onse panali kopolo wa gulu lankhondo la Keyala, akuyenda ndi mimba. Sidiki anaima pakati ngati mtengo wa pabwalo, akungodutsitsa nsungwi pamwamba pa mutu wake kuti isamupote.

"Ndithandizeni!"

"Mawu ake si amenewo."

"Alamu, ndikufa!"

"Munanena kuti mudzatero. Musaope, sindisuntha."

"Tayani nsungwiyo!"

"Ndi ya mai Eliza."

Ulendo wachiwiri gulu lonse linadutsa pansi pa thandala la Janet. Agalu anakwana bwinobwino. Lenard sanakwane. Mwendo wa thandala unathyoka, usipa unagwa ngati matalala, wina m'malaya, wina m'tsitsi. Mawu aja anali atamuthawa m'mutu. Ankakumbukira kuti ndi awiri, koma mchenga unali utadzaza m'kamwa ndi m'nzeru momwe.

"Basi! Zatha!"

"Zatha ziti?"

"Sukulu! Sukulu yatha!"

"Mwayandikira," anatero Sidiki momulimbikitsa. "Yesaninso mukamadutsa."

"Perete watha!"

"Ayi, mwabwerera m'mbuyo."

Lamba, amene anapirira nkhalango za ku Bama, anagonja ku Chipoka. Anaduka pa chitsulo. Kabudula anatsetsereka mpaka m'mawondo, ndipo Lenard anatsala chafufumimba pamchenga, dzanja limodzi litagwira ulemu wake, linzake likufufuza chipewa.

Sajeni, atamasuka, anadumpha chigalu cha kapitawo, nakankha mapasa aja, nafika pamaso pa kagalu kakuda ali ndi chimwemwe chonse cha dziko lapansi. Kagaluko kanamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mwina linali fungo la usipa kumasharubu, mwina kanali ndi wina mumtima. Kanangoti khutu la Sajeni lamanzere ng'a! n'kupukusa.

Kulira kwa Sajeni kunamveka mpaka ku siteshoni. Pakupukusako chingwe cha kunsonga kwa nsungwi chinapulumuka, kagalu kanathawira kumudzi, gulu lonse pambuyo pake, fumbi kobo. Sajeni yekha sanatsatire. Anabwera chokwawa, mchira uli pakati pa miyendo, nadzipanikiza pachifuwa pa Lenard, namuyang'ana m'maso osaphethira.

"Phunziro latha," anatero Lenard ndi mawu a munthu wodwala.

"Eyaa, ndi amenewo!" Sidiki anaika nsungwi pansi, nabwera. "Ndikuthandizeni chiyani?"

"Palibe."

"Nanga mumaitaniranji?"

Lenard anali kuyang'ana galu wake. Galu wa khutu limodzi uja, amene anatsalira m'mbuyo chifukwa cha ukalamba, anadutsa pafupi penipeni, nanunkhiza mchira wa Sajeni. Sajeni sanatembenuke. Usipa unali mbwee paliponse, wina uli pa phazi lake lenileni. Sanaununkhize n'komwe.

Lenard anadzuka pang'onopang'ono. Anamasula chingwe pakhosi pa galu ndi pa lamba wodukayo, namangira nacho kabudula. Anayenda mapazi atatu. Galu anayenda mapazi atatu, maso ali m'mwamba. Anakhotera kumanja. Galu anakhotera kumanja. Anatola usipa, naugwedeza pamphuno pa galu. Sajeni anayang'ana nkhope ya mbuye wake ngati kuti padziko palibenso china choyenera kuyang'ana.

"Mwaona?" Mawu aakulu aja anabwerera onse. "Mwaona, alamu? Wopanda chingwe! Ndinakuuzani kuti njira yanga siphonya!"

"Njira yanu ndi iti? Yoyenda ndi mimba ija?"

"Zonsezi ndinazikonza."

"Ndi kabudula yemwe?"

"Kabudula ndi ngozi ya pankhondo. Koma zinazo ndinaziona kale. Ndinadziwa kuti akapita, akalumidwa, akabwera."

"Ine ndimayesa mphunzitsi ndi galu wa mai Eliza."

"Iye anali chida chabe. Nzeru ndi zanga. Tamverani, muphunzirepo kanthu lero." Lenard anaimika chala m'mwamba, usipa ukugwa m'tsitsi mwake. "Aliyense amene mphuno yake yamuchotsa pantchito, mankhwala ake ndi amodzi. Kumuluma khutu nthawi yomweyo, asanafike kumene akupita."

"Aliyense?"

"Aliyense. Kaya galu, kaya munthu."

"Nthawi yomweyo?"

"Osachedwa. Osamva zodandaula zake. Akamati 'ndisiye, ndisiye,' m'pamene umalumitsa."

"Ndasunga," anatero Sidiki, akudzigunda pamtima.

Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka kulira kwa sitima, kwakutali kenako kwakufupi. Sitima ya masana inali kulowa. Shedi ya mwenye inali chakumanja, kutsidya kwa njanji, ulendo wosatha ndudu imodzi. Lenard anavala chipewa, nakonza malaya.

"Tiyeni. Sajeni, kuphazi."

Anayenda bwino ndithu, atatu onse, mpaka pa mphambano ya pa mtengo wa mango. Apo anakumana ndi mai Eliza, akutsika ndi mtsuko pamutu, thovu likusefukira m'mbali.

"Galu wanga wafika kunyumba ndi alendo asanu ndi anayi," anatero mayiwo osaima, akuseka. "A Kopolo, mwatuwa ngati mwachokera kumanda. Wapsa lero uwu, wa mapira okhaokha. Bwerani mutsukeko kukhosi usanathe."

Anakhotera kumanzere, kunjira ya kumsika. Mwera unatenga fungo la masese, lowawasa, lotentha, nulipereka pamphuno pa Lenard ndi manja awiri. Kukhosi kwake kunali mchenga wokhawokha. Anameza malovu, koma panalibe choti ameze.

Phazi lake lamanzere linakhota lokha.

"Shedi ili uku," anatero Sidiki.

"Ndikudziwa."

"Inu mukupita uko."

"Chipanda chimodzi chokha. Sindingalankhule ndi mwenye kukhosi kuli gwaa."

"Sitima yalira."

"Imalira kawiri."

"Yalira kale kawiri."

"A Sidiki, musandiphunzitse za sitima. Ndakwerapo mpaka ku Mombasa."

Sajeni anakhala pansi pakati pa mphambano, akuyang'ana mbuye wake. Mbuye wakeyo sankamuyang'ana. Maso ake anali pa mtsuko umene unali kutalikira, mphuno itatukuka, mapazi akutsatira pang'onopang'ono ngati a munthu wolodzedwa.

Sidiki anaima kanthawi, akuganiza. Kenako anavula kofia yake, naipinda bwinobwino, naiika m'thumba. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anamupeza Lenard ndi mapazi anayi, namugwira pakhosi pa malaya ndi dzanja lozolowera kukoka khoka.

"Iih! N'chiyani? Ndisiyeni!"

"Munanena kuti mudzatero."

"Mukufuna kutani?"

"Chakuchotsani panjira ndi chiyani, alamu? Si mphuno?"

Lenard anaona mano a mlamu wake, oyera, athunthu, otsukidwa ndi mswaki kasanu patsiku, akuyandikira.

"Ndimanena agalu! A Sidiki! Agalu!"

"Munati kaya galu, kaya munthu. Khutu la a Sajeni ndikanakana, ndi najisi. Koma lanu shehe sanaletsepo," anatero Sidiki mwaulemu wonse. "Tiyambe liti, lamanja kapena lamanzere?"